Unyolo wa Alamu Anga

Masiku amenewo ntchito yanga inkayamba ndi madzi. Ndinkatunga a mitundu iwiri, a m'nyumba ndi a pamadenga. Ndikachoka kumpopi ndinkatereka madzi osamba, n'kumusintha mwana wanga Phokoso thewera, n'kumuyamwitsa uku dzanja lina likusesa. Kenako ndinkamasula bandeji ya bambo ake, kutsuka pamene madokotala anadulira mwendo, kupaka mafuta, kumanganso. Tiyi ndinkamwa chiimirire. Mwana ndinkamusiya pamiyendo pa bambo ake, kapena kuti pa mwendo ndi theka monga ankanenera eni ake, ine n'kusenza makwerero, ndowa ndi matewera akale, ulendo wokakwera madenga a eni. Mapanelo a sola amafuna kutsukidwa m'mawa galasi lisanatenthe, chifukwa madzi ozizira pa galasi lotentha ndi mlandu. Dzuwa likamafika paliwombo ndinkakhala nditatsika, ndikuchapa, kuphika, ndi kuyanika matewera omwe aja kuti mawa akwerenso.

Palibe amene ankandilipira. Anthu ankati mtsikana uyu amakonda dziko lake. Dziko sindinayambane nalo, koma sindinakwerepo denga chifukwa cha dziko. Ndinkakwera chifukwa cha alamu anga.

Alamu angawo ndi akulu awo a amuna anga, ndipo tauni yonse imawatchula kuti a Dizilo. Mlatho wathu utagwa ndi madzi osefukira, aliyense analira kupatula iwo. Anagula thirakitala yakale n'kukaiimika pa dooko, kumunsi kwa mlatho wakugwawo. Galimoto iliyonse yofuna tsidya lina inkamangidwa unyolo, n'kukokedwa m'madzi, mwini wake n'kupisa m'thumba. Magetsi akazima, ndipo ankazima ngati akuphethira, a Dizilo ankaliza jenereta yawo yaikulu, imene nthambo zake zinkafika ku saluni, kwa telala, kwa wowotcherera ndi kumagolosale. Chilichonse chowonongeka m'tauni muja chinkawanenepetsa.

Woyendetsa thirakitala anali amuna anga. Tsiku lina mtsinje ukukwera panafika lole ya simenti, mwini wake ali pachangu, ndalama ili m'manja. Amuna anga anati tidikire madzi atsike. Akulu awo anaseka pamaso pa anthu.

"Madzi awa ndi nkhuku yomwe ingawoloke. Lowa, kapena ndikapeze mwamuna weniweni."

Analowa. Pakati pa mtsinje lole inatsetsereka, unyolo n'kukola pa tayala. Amuna anga anatsika kuti amasule, lole inasunthanso, unyolo unawakulunga mwendo. Kuchipatala anafika nawo uli chikulungire.

Mawa lake a Dizilo anabwera kudzazonda. Anaika botolo la zakumwa pa kabati, anafunsa m'bale wawo ngati wagonako, kenako anawerama n'kusuzumira pansi pa bedi.

"Mlamu, unyolo uja uli kuti? Ntchito yaima kudooko."

"Sindinauone, alamu."

Unali m'chikwama changa, pansi pa zovala za mwana. Phewa linandipweteka sabata yonse chifukwa chounyamula. Kunyumba ndinauika m'thumba n'kuukankhira pansi pa bedi lathu.

Kwa amayi awo, a Dizilo anakanena kuti mng'ono wawo anali atalawako mowa tsikulo. Amuna anga anamva bodzalo ndipo analisiya. Anandipempha kuti nanenso ndilisiye. Anati amayi ndi okalamba, ali ndi ana awiri okha, asadane ndi amene akuwagulira mankhwala. Ndinavomera ndi pakamwa.

Tsono kunabwera msonkhano ku holo ya sukulu. Ine misonkhano sindiikonda, ndipo sukulu ndinailekera panjira fizi itasowa kwathu, moti kulowa pageti paja kumandiwawabe. Ndinapita chifukwa ndinamva kuti akukamba za mlatho. Wolankhula anali injiniya wamkazi, wamfupi, wa chisoti choyera chimene sankachivula ngakhale m'nyumba.

"Dziko lathu limatumiza ndalama zambiri kunja kukagula mafuta a makina opangira magetsi," anatero. "Ndalama zimenezo n'zimene zikanakonza misewu, milatho ndi mipope. Tsopano magetsi tizipanga tokha, ndi dzuwa lathu lomweli, pa madenga anu omwewa. Mapanelo aika ndi boma. Ndalama imene yasiya kupita kunja izilowa m'thumba lokonzera zowonongeka. Koma thumbalo silingakwanire aliyense nthawi imodzi. Tauni imene madenga ake apereke magetsi okwanira mvula isanagwe, ntchito iyambira kumeneko."

Wina anafunsa ngati denga silidzadontha. Wina anafunsa ngati mapanelo saitana mphezi. A Dizilo anaimirira, manja ali m'thumba.

"Nanga dzuwa likapita ku tchuthi, mayi? Dizilo sadziwa mitambo."

Holo inaseka. Ine ndinakweza dzanja, Phokoso ali kumsana.

"Mlatho ukamangidwa, thirakitala ya padooko idzagwira ntchito yanji?"

"Yolima, ngati mwini wake ali ndi munda," anayankha injiniya.

A Dizilo alibe munda. Ndinakhala pansi mtima uli mbee.

Pamsika anakhoma chikwangwani chojambulidwa botolo lalikulu, mzere wofiira uli pakhosi pake. Sabata iliyonse ankapaka utoto kusonyeza pamene magetsi athu afika. Miyezi yoyamba utoto unkakwera bwino. Kenako unaima pamimba pa botolo, osasuntha. Ndinamupeza injiniya akuliyang'ana botololo ngati mwana wodwala. Anati vuto ndi fumbi, ndipo otsuka a kampani amazungulira matauni ambiri, kwathu adzafika mwezi wamawa kapena winawo. Ndinafunsa kuti amatsuka ndi chiyani. Anati madzi oyera ndi nsalu yofewa kwambiri, sopo ayi, chokhulira ayi.

Nsalu yofewa kuposa zonse m'nyumba mwanga inali matewera a Phokoso, ochapidwa mpaka kuoneka kuseri. Ndinabwereka makwerero kwa wowotcherera.

"Ndiye kuti mlatho wa dziko umangidwa ndi matewera a mwana wanga," anatero amuna anga. "Adzalembepo dzina lake. Pita, Kapitawo, ife tilonda nyumba."

Kapitawo linali dzina limene ankanditchula kuyambira tili pachibwenzi, akuti chifukwa ndinkawauza pokhala ndi poima.

Denga loyamba linali la saluni. Fumbi ndinalipeza, koma pamwamba pa fumbi panali matawulo, oyalidwa bwinobwino panelo iliyonse.

"Mayi a saluni, matawulo awa akutani kuno?"

"Akuuma, nanga ukuona ngati akuphunzira? Pamenepo pamatentha ngati ayironi, mwana wanga. Boma latiganizira."

"Mwaphimba mlatho."

"Mlatho uli kumtsinje. Iwe usandiponyere pansi, ndachapa kumene."

Ndinawaponyera pansi onse. Kwa telala ndinapeza tsabola. Kwa mwini golosale ndinapeza matiresi a mwana wokodza pogona, atatsamira mapanelo anayi ngati bwana pa tchuthi. Tauni yonse inali itasandutsa magetsi a boma kukhala choyanikira. Ndinatukwanidwa, ndinatchulidwa wapolisi wa padenga, wina anandichotsera makwerero n'kundisiya pamwamba mpaka mabere anayamba kudontha. Koma ndinagula chingwe chachitali n'kumawamangira zoyanikira pansi, khomo ndi khomo. Utoto wa m'botolo unayambanso kukwera.

A Dizilo anaona. Malole odikira kuwoloka, amene kale ankaima kumtsinje, anawasamutsira mu msewu wathu wafumbi, n'kumawauza madalaivala kuti azitembenukira pomwepo. Ndikatsuka m'mawa, madzulo galasi lili ngati lapakidwa ufa. Kenako anagula nkhunda, khola lathunthu, munthu amene chibadwire sanawetepo ngakhale mwanapiye. Nkhunda zimakonda pokwera, ndipo chitosi chake chikauma pa galasi chimafuna chikhadabo.

Tsiku lina anaima pansi pa makwerero anga, akutokosa m'mano.

"Mlamu, tsikani. Olumala akwana m'banja muno."

"Ndikagwa mudzandikoke ndi unyolo, alamu. Kodi munaupeza uja?"

"Ndinagula wina. Ine sindilira zotayika." Anagwedeza makwerero pang'ono, ngati akuyesa kulimba kwake. "Mwamuna wanu ndingamupatse mpando padooko, azilandira ndalama atakhala. Mlatho ukabwera, mudzadya simenti?"

"Tidzadya zimene tikudya pano. Mwatipatsa chiyani?"

Pa nkhunda sindinavutike. Beseni, kamtengo, chingwe ndi timpunga pang'ono padenga la telala. Amuna anga anayamba kudya nyama kawirikawiri.

"Kapitawo, ndiwo izi ukuzitenga kuti?"

"Zikugwa kumwamba."

Anatafuna fupa mpaka kulimaliza. "Achimwene akuti nkhunda zawo zikutha. Akuganizira mphaka."

"Mphakayo nayenso ali ndi banja."

Anaseka mpaka kutsamwa, koma atapukuta pakamwa anati, "Usapitirire, Kapitawo. Ndi m'bale wanga ameneyo."

Kutentha kunakula, mitambo inayamba kusonkhana masana. Utoto unafika pamapewa a botolo, khosi likuoneka apo, koma madenga onse ovomera anali atatha. Injiniya anandiuza kuti tauni ina, imene ikufuna msewu wa kuchipatala, yatsala pang'ono kutipitirira. Akatipitirira, mlatho wathu udikira chaka china kapena ziwiri. Ndinawerengera m'mutu malole amene a Dizilo angakoke pa zaka ziwiri zimenezo.

Denga lalikulu limodzi lokha linali lopanda kanthu, ndipo ndinkagona pansi pake. Apongozi anga ali ndi mdadada wautali wa zipinda za lendi, kumapeto kwake kuli shedi ya jenereta ya a Dizilo. Malowo ndi awo, amuna awo anawasiyira. Chipinda chathu chinali chapakati. A Dizilo anali atawauza kuti mapanelo amaboola malata, ndipo apongoziwo anakana kudinda chala.

Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde.

"Amayi, denga ili likhoza kutipatsa mlatho."

"Wamkulu anakana."

"Denga ndi lanu."

"Wamkulu ndiye amandidyetsa, mwana wanga. Ndimulande chakudya pakamwa chifukwa cha mng'ono wake amene anadziwononga yekha ndi mowa?"

Chichokere amuna anga kuchipatala, apongozi anali asanalowepo m'chipinda chathu. Ankaima kuseri kwa katani, "Wadzuka bwanji, mwanawe?", n'kusiya shuga pakhomo. Mwendo anali asanauone. Amuna anga akamatuluka panja ankavala thalauza lalitali, lopindidwa bwino ndi pini, ndipo amayi awo ankayang'ana kumaso kokha.

M'mawa mwake ndinachapa bulangeti n'kuliyanika. Ndodo zoyendera ndinazitulutsa panja, ndinati ndikufuna kukolopa. Ndinawakhazika amuna anga pabedi atavala kabudula, ndinamasula bandeji yonse. Kenako ndinasuzumira pakhomo.

"Amayi, tabwerani mundigwirire beseni. Phokoso wandipinga."

Analowa asanaganize. Ataona, beseni linapendekeka, madzi n'kutayikira pamapazi awo.

"Ndipatse bulangeti," anatero amuna anga, mawu ali pansi.

"Lili pachingwe."

"Ndodo zanga."

"Zili panja."

Anayesa kuphimba ndi manja, koma manja awiri sakwanira. Ine ndinagwada, ndinakoka thumba pansi pa bedi, ndinakhuthula unyolo pasimenti. Phokoso anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Ndinanyamula mbali imodzi n'kuigoneka pa ntchafu, pamwamba pa podulidwa, pamene pali zipsera zozungulira. Mphete iliyonse inagona pa chipsera chake.

"Munabereka miyendo iwiri, amayi. Wina unatsala mu unyolo uwu. Afunseni ana anuwa kuti anawauza ndani kuti alowe m'madzi."

"Amake Phokoso," anatero amuna anga. Anali asananditchulepo choncho tili awiri kapena atatu. "Unalonjeza."

Apongozi anaika beseni pansi. Anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kuyendetsa chala pa zipsera zija, chimodzichimodzi, mmene ankasankhira nyemba.

"Unamwa tsiku limenelo?"

"Ayi, amayi."

"Unalowa mofuna wekha?"

"Achimwene anati madzi si ambiri."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati tidikire."

Apongozi sanalire. Anatenga nsalu m'beseni, anafinya, anatsuka mwendo wa mwana wawo mpaka kumaliza, anapaka mafuta, anandilanda bandeji n'kumanga okha. Anamanga mokhota, koma sindinakonze. Potuluka anaima pa katani osatembenuka.

"Kaitane mayi wa chisoti uja. Ndipo iwe, usadzandiitanenso kuti ndikugwirire beseni."

Amisiri anabwera sabata yomweyo. A Dizilo anakuwa pabwalo, anati amayi alodzedwa, anati achotsa jenereta, anati mankhwala azigula ndi dzuwa. Apongozi anakhala pakhonde, chala chili chakuda ndi inki. Mapanelo anayalidwa kuchokera kuchipinda choyamba mpaka pamwamba penipeni pa shedi, moti jenereta inkalira pansi, chodzaipha chili pamutu pake. Denga limenelo ndinkalitsuka kawiri pa tsiku. Ndi pomwepo pamene ndinagwa, tsiku limene kunawaza kamvula koyamba malata n'kuterera. Ndinadzuka, ndinalavula dzino, ndinabwereka makwerero ena, ndinakweranso kukamaliza mzere umene unatsala.

Utoto unakhudza mzere wofiira mvula yeniyeni isanayambe. Tinawapitirira a msewu wa kuchipatala ndi kachidutswa kochepa ngati chikhadabo.

Dzinja limenelo a Dizilo anakoka malole ngati munthu wodziwa kuti akudya komaliza. Madzi atatsika kunabwera makina, zitsulo ndi anthu a zisoti. Magetsi anasiya kuphethira, ndipo a saluni, telala ndi wowotcherera anadula nthambo za jenereta mmodzimmodzi. Tsiku lotsegulira mlatho kunali nyimbo ndi zolankhula, injiniya ananditchula pa chimkuzamawu, anthu anaomba m'manja. Ine sindinali pamenepo. Ndinali kumunsi, padooko, thumba lili pamutu.

A Dizilo anali atakhala pa mwala. Thirakitala inali itakwezedwa kale pa lole ya munthu amene anaigula, mlimi wa kutali. Lole imeneyo inadutsa pa mlatho watsopano pamwamba pathu, osalipira aliyense. Ndinadikira kuti aione mpaka ithere tsidya lina. Kenako ndinatula thumba n'kukhuthula pamapazi awo.

"Munkafunsa unyolo, alamu. Ndi uwu. Pepani ndachedwa nawo."

Anauyang'ana. Dzimbiri linali litaudya, koma anauzindikira.

"Wakhuta tsopano?"

"Ndikuyamba kumene kumva kukoma."

"Mwana wanga wamkazi wabwerako kusukulu. Fizi yasowa. Umenye m'manja."

Sindinamenye m'manja, komanso sindinapepese. Ndinapinda thumba langa, chifukwa thumba ndi lofunika pakhomo, n'kukwera mtunda.

Kampani ya magetsi inandilemba ntchito yotsuka mapanelo, yamalipiro, ndipo inandipatsa nsalu zake zogula zimene sizifika pa thewera. Amuna anga amawoloka mlatho ndi ndodo zawo kupita kwa wowotcherera wa tsidya lina, kumene amagwira ntchito atakhala. Mankhwala a apongozi tsopano ndimagula ndine. Ndimasiya pakhomo pawo, mmene iwo ankasiyira shuga pakhomo pathu.

Zimene zinapita ndi izi. Matewera onse a Phokoso anatha, moti anaphunzira msanga kukhala pa poti. Dzino lakutsogolo, ndi zikhadabo ziwiri zimene zinamera zokhota. Makwerero a wowotcherera anathyoka pogwa paja, ndinabweza atsopano. Nkhunda za alamu, zimenezo sindiziwerengera. Apongozi amandiyankha moni ndi mutu, ndipo mwana wawo wamkulu samulankhula n'komwe, choncho pa ana awiri amene ankawasunga mumtima anatsala ndi mmodzi. Mwana wa alamu, mtsikana wanzeru amene sanandilakwirepo, amagulitsa madzi ozizira kumapeto kwa mlatho, pa msinkhu womwe ine ndinasiyira sukulu. Ndikamadutsa ndimagula botolo ngakhale ndilibe ludzu, iye amandipatsa chenji osandiyang'ana. A tauni ya msewu wa kuchipatala anadikira chaka china, ndipo sindidziwa amene anafera m'njira podikirapo. Amuna anga bandeji amamanga okha, chitseko chotseka. Amandilankhula bwinobwino, za ndiwo, za mwana, za lendi. Dzina lija la Kapitawo sindinalimvenso.

Mwendo sunamere. Mlatho ulipo, ndipo a Dizilo akafuna tsidya lina amawoloka wapansi ngati wina aliyense.